Mtovu wa Achimwene

Achimwene anga, a Elson, anafika pageti la kuntchito kwathu ku Silverton kudakali ola lathunthu nthawi ya mayeso awo olowera ntchito isanakwane. Anavala jekete lomwe amavala Lamlungu akamalalikira, ndipo m'manja ananyamula kathumba kansalu. Kathumbako ndinakazindikira ndili pawindo, mtima wanga n'kungoti myuu. Munali chowotcherera chawo chakale, chitsulo cha kopa cha chigwiriro chamtengo, chomwe ankachiika pambaula kumsika wa Lizulu zaka zomwe ankakonza mawayilesi.

"Ichi ndiye mwatengeranji, achimwene?" ndinafunsa nditawatsegulira.

"Changondiperekeza," anatero akuseka. "Mlimi sasiya khasu lake kunyumba, Tisu."

Ndinaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha.

Nkhani inali yotere. Achimwene anali atagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga ku Waterkloof zaka khumi ndi chimodzi, panyumba ya azungu ena. Azunguwo ankabwerera kwawo kutha kwa mwezi, nyumba inali itagulitsidwa kale, ndipo kachipinda kakuseri komwe achimwene ankagona kankapita nayo limodzi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, bondo lakumanja litatha ndi kugwada m'maluwa. Ndani kuno ku Joni angalembe wam'dimba wotsimphina, anyamata amphamvu atadzaza pamphambano iliyonse? Ntchito ya kukampani kwathuyi ikanawaphonya, chotsala chinali basi yobwerera ku Ntcheu, kukawaonetsa alamu anga a Enifa manja okhaokha.

Choncho nditamva kuti abwana athu, Mayi Rehana, akufuna munthu wachitatu pabenchi yowotcherera, ndinawatchula achimwene. Kampani yathu ndi yaing'ono. Timakonza mabolodi, timatabwa ta zamagetsi ta m'mageti oyenda okha ndi m'mainveta, tomwe timapsa magetsi akamazimazima. Ine ndakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bolodi iliyonse isanatuluke imadutsa pansi pa diso langa. Ndinauza Mayi Rehana kuti amene anandiphunzitsa kugwira chowotcherera ndi munthu ameneyu, ndipo sindinaname. Makolo athu atamwalira, mawayilesi a pa Lizulu ndi amene anandilera. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pambali pa achimwene n'kumakupiza mbaula, iwo akundiuza malamulo awo awiri. Loyamba, mtovu usaumire, chifukwa wayilesi imayenda panjinga mumsewu wa mabampu, ndipo powotcherera mowumira pamamasuka mwiniwake asanafike kwawo. Lachiwiri, ukatha uzirapo katatu kuti pazizire. Pa Lizulu malamulo amenewa anali oona, ndipo wayilesi yokonza a Elson sinkabwerera.

Koma zomwe timawotcherera ifezi ndi zina. Kachipu, kachipangizo ka pabolodi komwe timayesera anthu ofuna ntchito, n'kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, koma kali ndi timiyendo zana limodzi, makumi awiri ndi tisanu mbali iliyonse. Mpata wa pakati pa kamwendo ndi kanzake mungangolowa tsitsi ziwiri kapena zitatu. Mtovu ukachulukako pang'ono umalumikiza timiyendo tiwiri, chomwe ife timachitcha mlatho, ndipo bolodi ya mlatho ukaipatsa magetsi imapsa. Kuuzira nakonso n'koletsedwa. Mtovu wouziridwa umauma mothamanga n'kukhala wosalimba, komanso pali tizipangizo tina tochepa ngati njere ya chitowe, tomwe mpweya wa m'kamwa umatiulutsa.

Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinali ndi masabata atatu oti ndiwauze. Malamlungu atatu otsatizana, tikaweruka kutchalitchi, ankabwera kufulati kwanga ku Sunnyside, ine n'kuwayalira mabolodi akutha patebulo kuti ayeserere. Ndinkawaona ndi maso angawa akuunjika mtovu ngati akumata ndowa yobooka. Nanga ndinati chiyani? "Dzanja likadalipo, achimwene." Basi. Lamlungu lachiwiri ndinayesa kuzungulira, ndinati kuntchito kwathu ena amathira wochepa. Iwo anati amenewo ndi ana a masiku ano, ntchito yawo ndi yothawitsa. Ine ndinadzuka kukateleka tiyi. Kwathu wamng'ono sauza mkulu wake kuti walakwa, makamaka mkulu amene anakuberekapo kumsana tsiku la maliro a amayi ako. Ndinkadzinamiza kuti akadzayang'ana m'maikulosikopu adzaona okha. Kunena zoona ndinali wamantha, ulemu ndinangoupeza pobisalira.

Titalowa m'chipinda chogwiriramo ntchito, Kingsley anaimirira msangamsanga n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Kingsley ndi mnzanga wa pabenchi, kwawo ndi ku Zomba, ndipo amapemphera mumpingo womwe achimwene ali mkulu wa mpingo.

"Takulandirani, abambo. Lero ndiye tiphunzira kwa eniake ntchito," anatero.

Ndinalakalaka nditamuponda phazi.

Mayi Rehana anatulukira m'kaofesi kawo naini koloko yeniyeni. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe, ndipo mawu amawaumira kuposa momwe ife timaumirira mtovu. Anaika mabolodi awiri patebulo n'kulankhula m'Chingerezi pang'onopang'ono kuti achimwene amve.

"Mabolodi awiri, ola limodzi. Pa bolodi iliyonse muikepo kachipu aka ndi tizipangizo tisanu ndi kamodzi iti. Imodzi yokha ikakhala bwino, Lolemba mudzayambe. Onse awiri akakanika, pepani. Woyang'ana ndi Tisungeni monga mwa masiku onse, ine ndiyang'ana pambuyo pake."

Ndinawamanga pamkono lamba yemwe timavala kuti magetsi a m'thupi asaphe kachipu. Zikhatho zawo zinali zokhakhala ngati khungwa, koma sizinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Chowotcherera chawo chakale anachitulutsa n'kuchigoneka pambali, kenako anatenga chathu, chowonda ngati cholembera, n'kuchiyang'ana mwachifundo ngati mwana wosadya.

Poyamba zinayenda bwino, mpaka ndinayamba kuyembekezera. Anatola kachipu ndi kambaniro n'kukakhazika pamalo pake, kamwendo kalikonse pakanjira kake ka kopa, kamodzi n'kamodzi. Ngakhale Kingsley amachita kubwereza katatu. Mayi Rehana anagwedeza mutu. Kenako achimwene anakankhira maikulosikopu kumbali, botolo la fulakisi, mafuta othandiza mtovu kuyenda, sanaligwire n'komwe, ndipo anakoka waya wa mtovu wotalika ngati chikhatho.

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Ndinayang'ana nsapato zanga. Nditabweza maso, mbali yoyamba ya kachipu inali itasanduka mzere umodzi wonyezimira, ndipo achimwene anali atawerama, milomo atasongola. Fuu, fuu, fuu. Kachipangizo kamodzi komwe anali atakaika chapafupi kanauluka. Anakafunafuna patebulo, pajekete, pansi pa mpando, mpaka Kingsley anawapatsira kena mwakachetechete, maso ali kumbali.

Patapita mphindi makumi awiri ndi zisanu anandipatsa bolodi ija akumwetulira.

"Imeneyi ngakhale uyiponye pansi, siingamasuke," anatero.

Ndinaiika pansi pa maikulosikopu, ngakhale panalibe chifukwa. Milatho sinkawerengeka. Mbali zonse zinayi mtovu unali utagwirana, ndipo pangodya ina kanjira ka kopa kanali katamatuka chifukwa cha kutentha. Bolodi imeneyo inali yakufa. Mayi Rehana anasuzumira kamphindi kochepa chabe, navula magalasi, natembenukira kwa ine.

"Auze chomwe chalakwika. Uwauze m'chilankhulo chanu kuti amve bwinobwino. Munthu wolakwitsa ine sindimuopa, ndimaopa wosamva."

Achimwene sanatole zonse chifukwa Mayi Rehana analankhula mothamanga. Anandiyang'ana akudikira.

"Akuti mwayesetsa, achimwene," ndinatero. "Kungoti penapake... mwina yachiwiriyi muchepetseko mtovu pang'ono chabe."

"Pang'ono eti? Shapu."

Kingsley, amene anamva zilankhulo zonse ziwiri, anakweza mutu n'kundiyang'ana. Ndinamukwiyira kwambiri, podziwa kuti wolakwa sanali iye.

Panatsala theka la ola ndi bolodi imodzi. Achimwene anakhazikanso kachipu kachiwiri mwaluso lomwe lija. Anakoka waya wa mtovu, nauyang'ana, nabwezako kachidutswa kosakwana chala, poti anauzidwa kuti pang'ono. Anapukuta nsonga ya chowotcherera. Ine m'mutu mwanga ndinkaona basi yobwerera ku Ntcheu itaima pasiteshoni ya Bosman, chikwama chawo cha mizeremizere chili pamwamba, iwo akukwera masitepe mokoka mwendo. Ndinkamvanso mawu anga ndikuwatsanzika kuti pepani achimwene, ntchito za ku Joni n'zovuta, ngati kuti sindinkadziwa chimene chawagwetsa. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma apa manyazi anali anga, wofa anali wina.

Nsonga itatsala pang'ono kukhudza timiyendo, ndinawagwira dzanja.

"Imani, achimwene. Ndakunamizani. Bolodi yoyamba ija sinalakwike pang'ono, yafa, ikupita kubini. Mtovu wanu ndi wochuluka kakhumi. Kuuzira kuja n'kolakwa. Ndipo mabolodi a Malamlungu aja ndinawataya, panalibe ngakhale imodzi yabwino."

Ndinalankhula mokweza kuposa momwe ndinkafunira. M'chipinda monse munangotsala kulira kwa kafani kokoka utsi. Achimwene sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana dzanja langa lomwe linagwira lawo, mpaka ndinalichotsa. Kingsley anaimirira, nanena kuti akukaona katundu kusitolo, natuluka. Kusitoloko kunalibe katundu woti aone.

"Wati onse?" anafunsa achimwene motsitsa mawu.

"Onse."

"Iwe unkati dzanja likadalipo."

"Dzanja lilipodi. Njira ndi imene ili ya pa Lizulu."

Anaika chowotcherera pamalo pake, ndipo dzanja lawo linapita pa lamba wa pamkono uja n'kumumasula. Ndinadziwa kuti basi, akupita, ndipo ine ndataya ntchito yawo ndi iwo omwe tsiku limodzi. Anaimirira. Anavula jekete, nalipinda bwinobwino, nalipachika pampando. Kenako anapinda manja a shati, nakhalanso pansi, namanganso lamba uja okha.

"Nena. Nthawi ikutha."

Mayi Rehana sanamve Chichewacho, koma anaona zonse. "Pakamwa pokha, Tisungeni," anatero. "Manja ako akhale m'thumba."

Ndinaika manja m'matumba a ovolosi n'kuima kumbuyo kwawo.

"Kokerani maikulosikopu pafupi. Musayang'anenso bolodi ndi maso okha."

Anayang'anamo. "Eish," anatero. "Zonsezi zili pamenepa?"

"Zili pamenepo. Tengani botolo ilo la fulakisi, mafuta onga uchiwo. Amenewo ndiye musaumire, pakani timiyendo tonse. Ndi amene amauza mtovu kolowera. Tsopano mtovu, kadontho kamodzi pansonga, ngati mutu wa nyerere. Gwiritsani kamwendo ka pangodya iyi, kenako ka pangodya inayo, kuti kachipu kasasunthe."

Apa ndi pomwe manja aja anayamba kunjenjemera. Munthu amene anakhazika kachipu kamodzi n'kamodzi tsopano ankalephera kulunjika pangodya. Sunali ukalamba, anali manyazi amene ine ndinawamwetsa, ndipo zinandipweteka kuona nsonga ija ikuvina pamwamba pa timiyendo.

"Tsamiritsani kachala kakang'ono patebulo," ndinatero. "Munkandiuza nokha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Usandilalikire, nena zochita."

"Ikani nsonga pakamwendo koyamba, musakanikize. Kokani pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ngati mukulemba mzere ndi pensulo."

Anakoka. Kadontho kaja kanayenda ndi nsonga, kakusiya pang'ono pakamwendo kalikonse, koma kumapeto kanaunjikana n'kupanga milatho iwiri. Ndinawauza atenge kachingwe ka kopa komwe timayamwitsira mtovu, akagoneke pamlathopo, akhudze ndi nsonga, awerenge mpaka katatu, achotse zonse pamodzi. Mtovu unalowa m'kachingweko ndipo timiyendo tinalekana. Pomwepo ndinaona milomo yawo ikusongoka.

"Musauzire."

Analuma mlomo wam'munsi. Mbali yachiwiri inatuluka yopanda mlatho. Yachitatu unali umodzi. Pofika yachinayi, thukuta linali litanyowetsa kolala ya shati, ndipo milomo anali ataipindira m'kati ngati munthu wosunga chinsinsi. Panatsala mphindi khumi ndi ziwiri za tizipangizo tisanu ndi kamodzi tija. Kamodzi kanaimirira chilili mtovu utakakoka mbali imodzi, anachita kukachotsa n'kuyambiranso. Ine zikhadabo zinali zitandilowa m'zikhatho m'matumba muja. Pomwe ankandipatsa bolodiyo, panali patatsala mphindi zinayi.

Ndinayamba kuyenda kamwendo ndi kamwendo, ndikukankha kalikonse ndi nsonga ya singano monga ndimachitira ndi bolodi ya wina aliyense. Mbali yoyamba, yachiwiri, zonse zinali zonyezimira bwino. Pakatikati pa mbali yachitatu, kamwendo kamodzi kanagwedera.

Ndinakakankhanso, mwina ndinaona molakwa. Kanagwederanso. Mtovu unali utakadumpha. Kanali katakhudza kanjira kake, choncho pa makina oyesera bolodiyo ikanayaka bwinobwino lero, n'kudzafa pakapita mwezi ili pageti la munthu. Mayi Rehana sakankha timiyendo, amangoyang'ana, chifukwa amandikhulupirira. Ndikanangoti zili bwino, ntchito inali yawo. Ndinakhala maso ali m'maikulosikopu, ndikumva achimwene akupuma kumbuyo kwanga.

"Kamwendo kamodzi sikanagwire," ndinatero m'Chichewa, kenako ndinabwereza m'Chingerezi kuti abwana amvenso. "Mbali yachitatu, ka khumi ndi chiwiri."

Mayi Rehana anayang'ana wotchi. "Mphindi ziwiri," anatero.

Achimwene anatenga bolodi ija osandifunsa kanthu. Anadontheza fulakisi, natenga kadontho ka mtovu kochepa kuposa komwe ine ndikanatenga, natsamiritsa kachala patebulo. Anawerenga timiyendo chapansipansi mpaka khumi ndi tiwiri. Nsonga inatsika, inakhudza, inakwera. Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndi pomwe anatulutsa mpweya.

Kamwendo kaja sikanagwederenso. Mayi Rehana anayang'ana mbali zonse zinayi, natenga bolodiyo n'kuilumikiza pa makina oyesera. Kanyali kobiriwira kanayaka.

"Lolemba, seveni koloko," anatero. "Miyezi itatu yoyamba mudzakhala pansi pa Tisungeni. Zimene wanena, ndi zomwezo."

Achimwene anathokoza ataweramitsa mutu, navala jekete, nabweza chowotcherera chakale m'kathumba kake. Kingsley atabwera kudzawagwira chanza anamuyankha bwinobwino. Ine sanandiyang'ane.

Ndinapempha mphindi khumi kuti ndiwaperekeze kokwerera takisi. Tinayenda m'mbali mwa mipanda ya mafakitale, iwo patsogolo akukoka mwendo, ine pambuyo ngati masiku a pa Lizulu. Ntchito inali itapezeka, koma mantha anga anali asanathe. Titaima pamsewu waukulu ndinalimba mtima.

"Pepani, achimwene. Ndakuyalutsani pamaso pa anthu."

Anayang'ana magalimoto akudutsa kwa nthawi yaitali.

"Lero sunandiyalutse," anatero. "Unandiyalutsa Lamlungu lija unadzuka kukateleka tiyi. Tinali awiriwiri, chitseko chotseka. Ukanandiuza pamenepo ndikanakwiya, inde, mwina tiyi wakoyo sindikanamwa. Koma Lamlungu linalo ndikanabwera. Iwe unandisiya ndivale jekete, ndinyamule chitsulo ichi, ndidzauzire bolodi pamaso pa mwana wa mumpingo mwanga."

"Ndinkakulemekezani."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, Tisu. Ine kuno ku Joni mnansi wanga ndi ndani?"

Takisi ya kutauni inatulukira ikuliza hutala, iwo anakweza chala, ndipo inaima patsogolo pathu. Asanakwere anandipatsira kathumba kansalu kaja.

"Sunga kwako. Ndikakhala nacho pafupi ndiyambanso kuchimvera."

Anakwera movutikira, bondo lija likukana kupindika, nakhala pampando wa pawindo. Kondakitala kunalibe, chitseko anakoka ndi mayi wina. Takisi isananyamuke anatsegula windo pang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni m'chipinda muja anandiyang'ana m'maso.

"Kamwendo kaja ukanakabisa, sindikanadziwa," anatero. "Lolemba uzidzandiuza choncho. Sindinakulere kuti uzindiopa."

Takisi inapita. Ndinatsala pamsewu nditakumbatira kathumba kaja, ndipo ndinalira osasamala za anthu odutsa, mpaka mphindi khumi zomwe ndinapempha zinatha.